Kuponya pa Intaneti Si Kusunga

Ana anga ndi adzukulu anga, palibe m'badwo umene walemba zambiri m'Chichewa kuposa wanuwu, ndipo sindikunena izi pofuna kukusangalatsani. Ife tinkalemba kalata imodzi pamwezi, mwinanso mwezi n'kutha osalemba, ndipo ambiri mwa makolo athu ankachita kuitana mwana wasukulu kuti awagwirire cholembera. Inu mumalemba kuyambira m'mamawa mpaka tulo titakupezani foni ili m'manja. Mumalemba nkhani zamagawomagawo pa Facebook zimene anthu amazidikira monga ife tinkadikirira Kapalepale pa wailesi. Mumalakatula ndakatulo n'kuzitumiza m'magulu a WhatsApp. Mumajambula zinkhoswe, maliro, kwaya ya kumpingo, ngakhale agogo anu akutong'ola chimanga pakhonde. Mawu olankhulidwa ku Nsanje m'mawa amakhala atamveka ku Chipata, ku Tete, ku Johannesburg ndi ku London dzuwa lisanafike paliwombo. Zimenezi zimandikondweretsa kwambiri.

Koma tandiyankhani: zimene munalemba ndi kujambula zaka khumi zapitazo zili kuti lero? Amene angathe kuzitulutsa n'kundionetsa ndi angati?

Ambiri a inu mumayesa kuti chinthu mukachiponya pa intaneti ndiye kuti mwachisunga. Ayi ndithu, mwangochionetsa kwa anthu. Tsamba lililonse limene mumaponyapo zinthu lili ndi eni ake, ndipo ambiri mwa eni akewo ndi amalonda. Zithunzi zanu ndi nkhani zanu zimakagona m'makompyuta awo kutsidya kwa nyanja, makompyuta odya magetsi usana ndi usiku, ofuna antchito olipidwa kuti aziwayang'anira. Tsiku limene malondawo adzaleke kupindula, adzazimitsa makinawo, ndipo sadzabwera kudzakupemphani chilolezo.

Izi zachitika kale kambirimbiri. Kunali tsamba lotchedwa GeoCities pomwe anthu mamiliyoni anamangapo timasamba tawo m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Yahoo inalitseka mu 2009. Achinyamata a ku South Africa ankachezera pa Mxit usiku wonse, lero Mxit kulibe. Google yeniyeniyo inatseka tsamba lake la mchezo la Google+ mu 2019. Chaka chomwecho a MySpace anavomera kuti nyimbo, zithunzi ndi mavidiyo zimene anthu anaikapo kuyambira 2003 mpaka 2015 zinawonongeka pomwe ankazisamutsira pa makina ena, ndipo nyimbo zokha zinali pafupifupi 50 miliyoni. Taganizirani woimba amene anajambula nyimbo yake kamodzi kokha, naiika pamenepo, nataya kope lake poganiza kuti yafika pabwino. Mu 2024 bungwe lofufuza la Pew Research Center ku America linapeza kuti pa masamba 100 aliwonse a pa intaneti amene analipo mu 2013, okwana 38 anali osatsegukanso patangotha zaka khumi.

Alipo anthu amtima wabwino amene amayesetsa kutolera zotayikazi. Bungwe la Internet Archive, lomwe linayamba mu 1996, limajambula masamba ochuluka zedi n'kuwasunga. Koma sililowa m'gulu lanu la WhatsApp la pabanja, ndipo silidziwa kuti ndakatulo imene munalakatula pamaliro a amalume anu inali yamtengo wapatali. Makolo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chimene chili pa Facebook pokha ndi fodya wapachala.

Komatu ambiri sitidzataya zathu chifukwa kampani yaikulu yagwa. Tidzazitaya m'njira zing'onozing'ono zimene mukuzidziwa kale. Foni kusololedwa m'thumba pokwera minibasi. Foni kugwera m'ndowa. Wokonza mafoni kukuuzani kuti palibe kuchitira mwina koma kuifulasha, inu n'kuvomera chifukwa mukufuna iyake msanga. Ndiye pali nkhani ya pasiwedi. Ndi angati amene akaunti ya Google anawatsegulira mnyamata wa pamsika tsiku limene anagula foni, mawu achinsinsi n'kutsala kwa mnyamatayo, amenenso anawaiwala dzuwa lisanalowe? Zonse zimene foniyo yakhala ikutumiza ku akauntiyo zilipo, koma mwini wake sangazifikire. Dziwaninso kuti nambala ya foni ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imaperekedwa kwa munthu wina, kuti WhatsApp kawirikawiri imafufuta akaunti imene yatha masiku 120 osalumikizika, ndi kuti kuyambira Disembala 2023 a Google anadzipatsa ufulu wofufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Munthu akamwalira, masiku amenewa amayamba kuwerengedwa anamfedwa asanamete n'komwe.

Memori khadi ndi fulashi nazo musazikhulupirire mopitirira. Timakina timeneti timasunga zinthu ndi mphamvu yamagetsi yochepetsetsa yotsekeredwa mkati mwake, ndipo mphamvuyo imatha kuchucha pang'onopang'ono kakhadiko kakagona zaka m'kabati, makamaka kumalo otentha ngati ku Chikwawa. Makhadi ena otchipa ndi achinyengo: pamwamba analemba kuti ndi aakulu pomwe mkati ndi aang'ono, ndipo akadzaza amawononga zinthu osakuchenjezani. Mumazindikira tsiku limene mwafuna kuonetsa mlendo zithunzi za ukwati.

Agogo anu amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela, ndi ena amene anakagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ankalemba makalata. M'mabanja ena makalatawo alipobe pansi pa sutikesi, ofiira ndi ukalamba, ndipo mdzukulu atha kuwerenga lero mmene agogo ake ankafunsira za ng'ombe, za msonkho ndi za mwana amene anamusiya ali m'mimba. Abale athu amene ali ku South Africa masiku ano amatumiza mavoisi noti pafupifupi tsiku lililonse. Kunena zoona voisi noti imaposa kalata, pakuti mumamva mawu enieni a munthu, kutopa kwake, kuseka kwake, mantha ake usiku umene alendo akuthamangitsidwa. Koma foni ikadzaza, zoyamba kufufutidwa ndi zomwezo. Mbiri ya Amalawi, anthu a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Tete amene apita kummwera m'zaka zino ikukambidwa mokwanira kuposa kale lonse, ndipo ikufufutidwa madzulo aliwonse kuti papezeke malo a vidiyo yatsopano. Izi zimandiwawa mumtima. Mwana amene bambo ake anafera ku Johannesburg iye ali wakhanda akanatha kudzamva bambo akewo akumutchula dzina, pakanakhala munthu mmodzi woganiza zopatula mavoisi noti asanu okha n'kuwaika pena.

Musayese kuti ndikukubwezerani ku pepala. Pepala nalo limapsa, limanyowa, limadyedwa ndi chiswe. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa m'maola ochepa. Mu Epulo 2021 moto wolusa wochokera kuphiri unagwira laibulale ya Jagger pa University of Cape Town, momwe munali zolembedwa zosowa za mbiri ya Africa. Ndipo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, matope anakokolola anthu, nyumba, zikalata ndi mafoni limodzi, osasankha.

Chimene chimapulumutsa cholembedwa ndi kuchuluka kwa manja amene achigwira. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa zolembedwa m'zilankhulo za mu Africa. Tikuliwerengabe lero chifukwa linasindikizidwa mobwerezabwereza, makope ake n'kumwazikana m'masukulu, m'mamishoni ndi m'malaibulale a kunja, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Moto umodzi sungawapeze onsewo.

Zinthu za m'makina zili ndi vuto lina lomwe buku lilibe: zimafuna makina ena ozitsegulira, ndipo makinawo amatha msanga. Ku England kuli kaundula wa malo ndi chuma wotchedwa Domesday Book amene analembedwa pa zikopa mu 1086, ndipo akuwerengeka mpaka pano. Mu 1986 a BBC anakonza kaundula wamakono pokumbukira zaka 900 za woyambayo. Ana asukulu ochuluka anatolera nkhani ndi zithunzi za madera awo, zonse n'kuikidwa pa zimbale zapamwamba za nthawi imeneyo. Pofika 2002 makina owerengera zimbalezo anali atasowa, moti akatswiri anachita kukhetsa thukuta kuti apulumutse zimene zinalipo. Zaka 16 zokha. Inunso kafunseni kwanu: kaseti ya vidiyo ya ukwati wa makolo anu ikhoza kukhalapo, koma deki yoionera ili kuti?

Mayi wodziwa kusunga mbewu amamvetsa zimenezi. Chimanga chambewu amachipachika pautsi m'khitchini, koma amadziwa kuti sichingakhale pamenepo zaka zisanu n'kudzamerabe bwino. Chimayenera kubzalidwa dzinja lililonse kuti mbewu ikhale yatsopano. Amagawirakonso mbale wake wa kutsidya kwa mtsinje, kuti anankafumbwe akalowa kwake adzakhale ndi kokatapa. Zolembedwa ndi zojambulidwa za m'foni zimafuna chisamaliro chomwecho.

Tsono langizo langa lalikulu ndi ili: banja lililonse lisankhe munthu mmodzi, limutchule dzina. Pagulu la WhatsApp la anthu 40 aliyense amaganiza kuti mnzake wasunga, mapeto ake palibe amene wasunga. Pamaliro timasankha wolemba chipepeso, paukwati pali ankhoswe, kumpingo kuli mlembi ndi msungichuma. Sankhaninso wosunga mbiri ya banja. Sikuti achite kukhala wophunzira kwambiri kapena wa foni yodula. Akhale wodekha, wosataya zinthu, wosunga pakamwa. Mtsikana kapena mnyamata, zilibe kanthu. Ndipo abale amene ali pantchito azimusonkhera ya bandulo ndi ya fulashi monga amasonkhera zina zonse, chifukwa ntchitoyi imadya ndalama, ndipo munthu akamaigwira ndi za m'thumba mwake yekha amatopa.

Wosungayo agwire lamulo limene akatswiri a makompyuta amatsata: chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali. Lina pa foni kapena pa kompyuta, lina pa fulashi kapena pa hard drive, lachitatu kwa mbale wa boma lina kapena pa akaunti ya intaneti imene pasiwedi yake mukuidziwa. Potumizirana zithunzi zoti zisungidwe, zitumizeni ngati document, chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, n'kuchichotsera kuwala kwake kwina pamodzi ndi tsiku limene chinajambulidwa. Musaunjike chilichonse, pa zithunzi 1,000 za chaka chimodzi, zoyenera kusiyira adzukulu mwina ndi 30. Koma zosankhidwazo muzipatse maina. Foni imatcha zinthu maina a manambala okhaokha, ndipo chithunzi chopanda dzina chimafa limodzi ndi munthu womaliza wodziwa nkhope zili pamenepo. Lembani kuti ndi ndani, mudzi uti, mfumu yaikulu iti, boma liti, tsiku liti, pamwambo wanji. Zabwino kwambiri katsukitseni ku situdiyo, mulembe kuseri kwake ndi pensulo. Gulaninso hadikava imodzi yolembamo mndandanda wa zonse zimene mwasunga ndi komwe zili.

Kulemba maina kumeneku musakuchepetse. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, za bangwe, za kalimba, za malipenga. Anali ndi chizolowezi cholemba pa khadi dzina la woimba, malo, chilankhulo ndi choimbira. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ndipo chifukwa cha makhadi aja munthu atha kupeza lero mawu a woimba wa kwawo. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi oimba Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 n'kuyamba kujambula luso lawo, ndipo Moya Malamusi anakhazikitsa ntchito yotolera nthano, nyimbo ndi zoimbira ku Chileka. Matepi akale a MBC, momwe muli oimba ambiri amene sanatulutsepo chimbale, anasamutsidwira pa makompyuta ndi thandizo la dziko la Norway. Mu 2012 a National Library Service pamodzi ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno anayamba kuyendera maboma akujambula nthano. Onsewa anafunika galimoto, makina olemera ndi ndalama. Inu makina oposa a Tracey muli nawo m'thumba, ndipo simufunika womasulira, pakuti wokambayo ndi agogo anu.

Pitani kumudzi musanaitanidwe ndi uthenga wa maliro. Musafike n'kungosolola foni. Khalani pansi, lonjeranani, idyani nawo, kenaka mupemphe, ndipo munene poyera kuti mawuwo mukawasunga kuti ndipo adzawamva ndani. Akalola, tsekani netiweki kuti foni isalire pakati pa nkhani, iikeni pafupi nawo pamalo opanda mphepo, ndipo muyambe ndi kutchula tsiku, mudzi, dzina lawo ndi mfunda wawo. Kenaka funsani pang'ono, mverani kwambiri. Okalamba salowa nkhani mwachindunji. Amayamba ndi mvula ya chaka chija, ndi amene anali nyakwawa nthawi imeneyo. Musawadule. Akakhala chete musathamangire funso lina, pakuti nthawi zambiri chachikulu chimatuluka akatha kupuma koteroko.

Funsani komwe mtundu wanu unachokera ndi chimene chinasamutsa mudzi. Funsani malire a munda ndi amene anaupereka, popeza milandu ya malo ikuchulukirachulukira. Funsani za njala ya 1949. Amene anaiona ali ana tsopano apitirira zaka 80, ndipo atsala owerengeka. Funsani zimene anadya m'njala ya 2002, za khadi ya chipani, za tsiku la riferendamu pa 14 Juni 1993, mmene anaimira pamzere kukasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Funsani amayi nyimbo za pamtondo zimene chigayo chazitontholetsa. Funsani maina a mbewu zamakolo, a ndiwo zakutchire, a timitsinje ndi timapiri timene pa mapu palibe.

Pa nthano ndiye ndikufuna ndikhalitsepo. Nthano si mawu a munthu mmodzi. Wokamba akati padangokhala, omvera amayankha kuti tili tonse, ndipo yankholo limabwerabwera mpaka kumapeto. Likasiya kumveka wokamba amadziwa kuti ana agona. Pakati pamakhala nyimbo, wokamba kutsogolera, ana kuvomera. Wokamba waluso amasintha mawu, a Kalulu ena, a Fisi ena, a Njovu ena, ndipo nthanoyo amaiumba molingana ndi amene akhala patsogolo pake. Ngati pali mwana waumbombo, Fisi wa usiku umenewo amakhala waumbombo kuposa masiku onse, ndipo mwanayo amamva popanda womuloza chala. Koma masamba atsopanowa amakonda zazifupi. Vidiyo ya mphindi imodzi pa TikTok imayenda kutali kuposa ya mphindi 20, choncho wojambula amadula nyimbo, amadula kuyankha kwa ana, amadula kubwerezabwereza, n'kutsala ndi chidule cha nkhani ndi phunziro kumapeto. Sindikukuletsani. Tizidutswa timeneto tikukopa ana a m'tauni amene sakanamva n'komwe za Kalulu. Koma yaifupiyo ikhale yoitanira anthu. Yathunthuyo, ya nkhuku zikulira kumbuyo ndi mwana akutsokomola, ndiyo yosunga. Ndipo mukapeza agogo awiri okamba nthano imodzi mosiyana, musafunse kuti wolondola ndani. Sungani zonse ziwiri, pakuti nthano ya ku Dedza siyenera kufanana ndi ya ku Katete kapena ya ku Angónia.

Mukaijambula, muikambenso. Foni siona kuti mwana wachita mantha, sidziwa pofunika kufulumira ndi pofunika kuchedwa, siimitsa nkhani kuti iyankhe funso. Magetsi akazima madzulo, musadikire kuti ayake. Sonkhanitsani ana muwakambire ndi pakamwa panu, kaya muli ku Area 25 kaya ku Leeds. Musaope kuikamo zanu. Nthano yakhala ikulandira zatsopano m'badwo uliwonse, ndipo Kalulu wa masiku ano atha kunamiza Njovu pa foni. Mwana amene wayankha tili tonse ndi pakamwa pake sadzaiwala nthanoyo ngakhale fulashi itatayika.

Pali zina zoyenera kusungidwa koma zosayenera kuponyedwa, ndipo apa pakufunika mutu wozizira. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Zapabwalo n'zapoyera, koma zakudambwe ndi zakutsimba zili ndi eni ake, akuluakulu a mwambo ndi anamkungwi, ndipo kukhala ndi kamera sikukupatsani ufulu wozitulutsa. Chimodzimodzi zam'banja. Agogo akamasuka amatchula maina: amene anaba ng'ombe, mwana amene bambo ake enieni ndi ena, munthu amene ankamuganizira ufiti. Mukudziwa kuti m'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa chonamiziridwa ufiti. Kachidutswa ka mawu koponyedwa pagulu kakhoza kuotchetsa nyumba ya munthu wosalakwa. Intaneti imataya zimene mukufuna zisungike, koma chimene mukufuna chiiwalike anthu amachigwira ndi screenshot, n'kuchiyendetsa zaka. Nkhope ya malemu m'bokosi, wodwala ali pamphasa, mayi akulira mwana wake, zimenezi si zoonetsa anthu osawadziwa. Wosunga mbiri ya banja agawe zinthu pawiri, zoti aliyense aone ndi zoti zikhale za pamtundu pokha, ndipo pokayikitsa afunse amene analankhula mawuwo akadali moyo.

Inu alembi ndi alakatuli a pa intaneti, mverani izi. Lembani koyamba mu fayilo yanuyanu, kenaka muzikopera pa tsamba. Dzina lanu ndi chaka zikhale mkati mwenimweni mwa nkhaniyo, ndipo polakatula zitchuleni ndi pakamwa, chifukwa chinthu chikayamba kuyenda m'magulu dzina lolembedwa pamwamba limatsala m'njira. Nkhani ikatha magawo ake onse, isonkhanitseni, muikonze, muisindikize ngakhale makope 20 okha. Lamulo la dziko lino limafuna kuti buku losindikizidwa m'Malawi kope lake likaperekedwe ku National Archives ku Zomba, nyumba imene yakhala ikusunga zolembedwa kuyambira 1947. Lamulo limeneli ndi lokuthandizani inu, pakuti kope limenelo lidzakhala ndi oliyang'anira inu mutapita. Kalembetseninso ntchito zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992.

Musachite manyazi ndi Chichewa chanu cha m'tauni. Chichewa cha m'minibasi, cha ku Ndirande, Chinyanja cha ku Lusaka, zonsezi ndi mboni ya nthawi yanu, ndipo n'zoyenera kusungidwa monga zilili. Koma chimene mukufuna chikhalitse chilembeni ndi mawu athunthu, pakuti zidule zimene mumamvana lero mdzukulu sadzazimva. Ndipo zoyenera poyera zilembeni poyera. Wikipedia ya Chichewa ili ndi nkhani zongopitirira pang'ono 1,000, pomwe ya Chingerezi ili ndi zoposa 6 miliyoni. Makina omasulira, monga Google Translate yomwe inalandira Chichewa mu 2014, amaphunzira kuchokera ku zimene anthu alemba; zikachepa, amalankhula Chichewa chopotoka, ndipo ana adzayesa kuti ndicho cholondola. Amene mumadziwa bwino phiri la kwanu, msika wa kwanu, gule wa kwanu, lembani za zimenezo.

Chotsala ndi chimene sitikonda kuchikamba. Wosunga uja nayenso ndi munthu: adzadwala, adzasamuka, adzamwalira. Alembe papepala maina a maakaunti, mapasiwedi ndi komwe kuli kope lililonse, aike mu envulopu, aimate, aipereke kwa mwinimbumba kapena aisunge pamodzi ndi zikalata za malo. Facebook imalola munthu kusankhiratu woyang'anira tsamba lake akadzamwalira, imalolanso kutsitsa zonse zimene munaikapo kuti mukhale nazo panokha, ndipo Google nayo ili ndi njira zoterezi. Chitani zimenezi mukadali ndi mphamvu. Wosunga akhalenso ndi wachiwiri wake wocheperapo msinkhu, woti aziphunzira ntchitoyi poona.

Ndipo pangani nthawi imodzi pachaka, kaya ndi pa Khirisimasi a m'tauni akabwera kumudzi, kaya mukatha kukolola, yotsegula zonse pamaso pa banja. Mverani mawu a agogo, onetsani ana zithunzi, atchulireni maina, lembani m'hadikava zimene wina wakumbukira zomwe zinasiyidwa. Fulashi ikatha zaka zitatu kapena zinayi gulani ina mukopere, osadikira kuti yakaleyo iyambe kuvuta. Mukapeza fayilo imene yakana kutseguka, imbirani mbale wosunga kope lakutali uja akutumizireni lake sabata yomweyo.